Ndinali Mlonda wa Adokotala

Gudumu lakutsogolo la njinga ya adokotala linkagona pansi pa bedi langa. Ndinalichotsa ndekha ndi sipanala ya atcheyamani a chipani, dzuwa likuswa mtengo, eni njinga ataima pakhonde la kachipatala akundiyang'ana. Anangopukuta manja n'kuitana wodwala wotsatira.

Kwathu ndi kumadzulo kwa Embangweni, komwe munda wa munthu umayambira m'Malawi n'kukathera m'Zambia. Kachipatala kathu kanali ka zipinda ziwiri, ndipo wodziwa mankhwala anali mmodzi yekhayo. Papepala anali wothandizira dokotala chabe, ankatiuza okha kawirikawiri, koma ife zapapepala tinalibe nazo ntchito. Anali adokotala basi. Kwawo kunali ku Dedza, ndipo Chitumbuka chawo chinali chotsimphina moti ana ankawatsekera njira dala kuti awamve akupereka moni.

Amama anali ndi mphumu. Amene sanaionepo mphumu yeniyeni asandiuze kanthu. Ikawagwira ankakhala pansi atagwira mwendo wa tebulo, mapewa ali m'makutu, pakhosi pakulira ngati kamwana ka mphaka, milomo ikuda. Zikafika pamenepo mapiritsi ankangokhala ngati nyemba. Chinkafunika ndi jekeseni wa mumtsempha, ndipo adokotala ankaubaya pang'onopang'ono, diso lili pawotchi, akuwayankhula ngati mwana.

"Pumani, mayi, pumani. Musathamange, mpweya sutha."

Kulira kuja kunkazilala. Amama akapeza mawu ankati, "Yewo chomene, adokotala, mwaniwezga ku malaro," kutanthauza kuti awabweza kumanda.

Bambo anapita ku Joni ine ndikukwawa, osabwerako. Alongo anga anakwatiwa kutali. Panyumba tinatsala awiri. Sukulu ndinailekera Sitandade 6, nditagenda mphunzitsi wamkulu ndi chibenthu cha njerwa chifukwa ananditchula mbuzi pamaso pa atsikana. Mudzi wonse unkadziwa kuti ndine wa mtima wapachala, ndipo ine ndinkanyadira.

Zaka zimenezo anthu a zipatala ankachoka mmodzimmodzi. Lero mumva kuti namwino wina wapita kutchuthi osabwerako, mawa kuti kachipatala kena ka ku Jenda katsala ndi wosesa yekha. Ena ankapita ku migodi ya ku Zambia, ena ku Botswana, ndipo amene boma linawatumiza kukaphunzira ku Mangalande ankangotumiza zithunzi atavala majasi. Akazi a adokotala athu, nawonso namwino, anatenga kamwana kakhanda kukaona mchemwali wawo ku Zambia, n'kupezako ntchito pachipatala cha mgodi. Zaka zitatu zinali zitadutsa.

Boma litaona zimenezi linalanda mapasipoti a anthu a zipatala n'kuwatsekera m'kabati. Kalata yosiya ntchito sinkayankhidwa. Amene mkazi kapena m'bale wake anatsogola kale, tchuthi anaiwale. Tsiku lina atcheyamani anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu, n'kuwerenga kalata ya Chingerezi, kenako n'kumasulira. Anati dera limene lidzataye dokotala wake lisayembekezere wina, ndipo wothawa ntchito ya boma ndi chigawenga, womubisa nayenso chigawenga. Kaya kalatayo inanenadi zimenezo, kaya. Chingerezi cha atcheyamani chinali chochepa kuposa changa. Koma tinawomba m'manja, adokotala ali pomwepo pabenchi yakutsogolo.

Msonkhano utatha atcheyamani anandikokera pambali.

"Iwe, m'mudzi muno amene amadwala kuposa tonse ndi amako. Akathawa ameneyu, woyamba kukumba manda ndiwe. Wamva?"

Ndinamva. Ankadziwa pogwira. Tsiku lomwelo ndinachotsa gudumu lija.

Ulonda wanga unali wotere. M'mawa ndinkakhala pamwala moyang'anana ndi khomo la kachipatala mpaka atseke. Akapita kuchitsime, ine pambuyo. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo kwawo. Akaitanidwa kwa wodwala wakutali, ndinkabweretsa gudumu, kulimanga, kenako n'kukhala pakaliyala, iwo n'kumandipalasa ngati thumba la chimanga. Pamtunda sindinkatsika.

"Achimwene, mwanenepatu. Ulonda ukukuyanjani."

"Palasani basi."

"Kodi ndikalowa m'chimbudzi mumakapereka lipoti la zimene zatuluka?"

Sindinkaseka. Ndinkaopa kuti ndikaseka kamodzi ndiwazolowera.

Makalata awo ndinkakatenga ndine kwa mwini golosale amene ankasunga thumba la positi, ndipo ankayamba afika kwa atcheyamani. Tsiku lina muenvulopu munagwa chithunzi cha kamtsikana kovala diresi la madontho, kataima pafupi ndi mpanda wa waya. Atcheyamani anachiika m'thumba la malaya, ati ndi umboni. Adokotala atamva anapita kunyumba kwawo, n'kuvula chipewa, n'kunjuta pansi ngati mkamwini.

"Kalatayo sungani, bambo. Ndikupempha chithunzi chokha."

"Mukachiona mtima uuluka. Tikukuthandizani, adokotala."

Akazi a atcheyamani anaseka ali pamtondo. Inenso ndinaseka tsiku limenelo.

Mawa lake tikutsika chitunda panjinga, adokotala anangoti, osacheuka, "Achimwene, boma limene limasunga dokotala pomuchotsera gudumu ndiye kuti likudwala kuposa mayi anu. Ndipo jekeseni wake ine ndilibe."

Ndinawagunda pamsana kuti akhale chete. Mawu otero masiku amenewo munthu sunkafuna ngakhale kuwamva.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe kunagwa maliro kutsidya, m'Zambia. Anamwalira mkulu wina amene theka la mudzi wathu linkamutcha malume. Kwathu maliro alibe malire. Palibe amafunsa pepala, ndipo womuletsa mnzake kupita kumaliro amayesedwa mfiti. Adokotala anati mkuluyo anamuthandizapo kangapo, akufuna akamuperekeze. Atcheyamani anakanda mutu, koma kukana sakanatha. Anangondiuza kuti ndisawachotse diso.

Tinanyamuka m'mawa wapansi, azimayi patsogolo akuimba, amama ali pakati pawo, amuna pambuyo. Adokotala anavala jekete ngakhale kunkatentha, ndipo m'manja ananyamula pampu ya njinga. Ndinayenda nawo mtunda wautali ndisanaganize kanthu. Titayandikira kakhwawa kamene ndiko malire, mutu unandibwerera.

"Pampu ndi yachiyani, poti njinga ili kunyumba?"

"Agalu, achimwene. Kutsidyaku agalu ndi olusa."

"Tabweretsani."

Sanapereke. Ndinatsomphola. Nditakoka chogwirira chinatuluka chokha, chopanda ndodo yake. Ndinapotokola chivindikiro, ndipo m'katimo munali mapepala okulungidwa molimba. Ndinawasolola ndi chala. Anali masatifiketi awo, lina la chidindo chofiira.

Anayamba kuyankhula mofulumira, motsitsa mawu, kuti amuna akutsogolo asamve.

"Mverani, achimwene. Mwana wanga sandidziwa. Amanditchula bambo wa m'kalata. Tchuthi ndapempha mpaka ndatopa. Mayi anu ndawasiyira mapiritsi ambiri, ndipo ndalemba kalata kuti atumize wina. Atumiza, sangasiye kachipatala kopanda munthu. Inu mungonena kuti ndinakusowani pagulu la maliro."

"Mapiritsi?"

"Akamamwa tsiku lililonse, osadumphitsa..."

Mawu akuti mapiritsi ndiwo anandiyatsa. Munthu amene ankadziwa bwino lomwe kuti amama akabanika mapiritsi sagwira, akundiuza za mapiritsi! Ndinawamenya ndi pampu ija pakamwa. Anakweza manja kuteteza mutu, ndinamenya manjawo. Pampu itapindika ndinaitaya n'kuyamba zibakera, iwo atagwa m'mapesi. Nyimbo inaima. Anthu anabwerera akuthamanga n'kutizungulira, koma palibe mwamuna anandigwira. Anandigwira ndi amama, akukoka malaya anga kumbuyo, akupuma movutika.

"Leka, iwe! Leka! Ukukoma munthu!" M'Chitumbuka kukoma ndiko kupha.

Ndinawasonyeza anthu mapepala aja. Amuna awiri anabweretsa luzi, tinawamanga manja kumbuyo. Mayi wina amene adokotala anamuchiritsira mwana chikuku anali akulira, koma m'kulira momwemo anati, "Mumange bwino, angamasule."

Kumaliro sitinafike. Tinabwerera nawo kwa atcheyamani, akuluakulu n'kukhala pansi kukambirana. Apa ndipo tinapusa tonse, ndipo ndikufuna zimveke kuti sindinapuse ndekha. Ife tinkaganiza ngati za mkazi wothawa banja. Mumapita naye kwa akuluakulu, amamukalipira, amalonjeza, n'kubwerera naye kunyumba. Tinati tipite nawo pa boma, akawaopseze pang'ono, akasaine pepala lakuti sadzayesanso, tibwere nawo atafewa. Mkulu wina anati tiwatengere ndi malaya awo oyera kuti pobwera anthu asawaone ngati mkaidi. Tinawatengeradi.

Mawa lake tinayenda mpaka kumsewu, ine, atcheyamani ndi adokotala, n'kukwera lole yopita ku Mzimba. Mlomo wawo unali utatupa ngati mbatata, zala ziwiri zakumanja zosapindika. Lole ikugwedera anandiyandikira.

"Mukandipereka kumeneko simudzandionanso. Ndimenyeninso ngati mtima sunaphwe, koma tibwerere."

Ndinati ndi machenjera a anthu ophunzira.

Pa boma anatilozera kaofesi kena kuseri, kopanda chikwangwani. Munali bambo wovala zawamba, nsapato zonyezimira, Chichewa chake chosalala ngati cha pawailesi. Anatipatsa mipando, anatumiza tiyi. Adokotala anawakhazika pansi pasimenti. Anayala masatifiketi aja patebulo, n'kuwatsindira ndi kapu kuti asakulungikenso.

"Mwachita bwino, bambo tcheyamani. Kodi mkuluyu ananenapo chiyani chokhudza boma?"

Atcheyamani anayang'ana mu tiyi. Anati iwo sanamvepo kanthu. Bambo uja anatembenukira kwa ine. Ndisanatsegule pakamwa adokotala anayankhula ali pansipo.

"Mnyamatayu musiyeni, bwana. Sadziwa kanthu. Sukulu sanapite nayo patali, sangakumbuke ngakhale zimene wadya dzulo."

Lero ndikudziwa kuti ankanditsekera khomo kuti ndisalowe m'nkhani, ndiponso ankadzipulumutsa okha. Tsiku limenelo ndinangomva kuti munthu womangidwa ndi luzi akunditcha mbuli pamaso pa bwana. Magazi anandikwera kumutu.

"Sindingakumbuke? Ine?"

Ndinanena zonse. Za gudumu, za boma lodwala kuposa amama, za jekeseni amene iwo alibe. Ndinatchula ndi chitunda chimene tinkatsika. Ndinayeserera ngakhale mawu awo a ku Dedza. Bambo uja anaseka, n'kutenga cholembera.

"Tabwerezanso pang'onopang'ono, mphwanga. Uli ndi mutu wabwino iwe."

Ndinabwereza. Ndinamva kukoma, ndisaname. Chichokereni kusukulu palibe anandiuzapo kuti ndili ndi mutu wabwino. Adokotala anatseka maso n'kutsamira khoma.

"Zikomo, mwagwira ntchito. Mutha kumapita, lole ingakusiyeni."

"Nanga adokotala?" anafunsa atcheyamani, malaya oyera aja ali pamiyendo.

"Abwera."

Sabata inatha, mwezi unatha. Kenako kunabwera galimoto ya boma, amuna awiri anatsika, analowa m'nyumba ya adokotala, anatuluka ndi katoni ya mabuku ndi makalata, n'kukhoma loko wamkulu pakhomo la kachipatala. Atcheyamani atafunsa za dokotala wina, mmodzi anati, "Alipo woti abwere kuno? Ndi kuti mwamva kuti madokotala amamera ngati bonongwe?"

Amama anasiya kundiyankhula. Ankandiikira chakudya pakhomo ngati galu n'kutembenuka. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinakankha mbale ndi phazi.

"Ndinachitira inu! Mukanafuna athawe?"

Anayankha m'Chitumbuka, osakweza mawu. Anati ankadziwa kuti adokotala athawa. Anati adokotala anawauza okha powapatsa mapiritsi, ndipo mtedza wokazinga umene unali m'thumba la jekete lija anakazinga ndi iwo.

"Abambo ako anapita ku Joni kuthawa iwe ndi ine, palibe anawamanga luzi. Uyu ankapita kwa mwana wake. Chifuwachi n'changa, unandifunsa?"

Ndinatuluka, ndinakathyola mpini wa khasu pamtengo.

Ndinabwereranso ku Mzimba ndekha, kukapempha kuti atibwezere munthu wathu, chilango chakwana. M'kaofesi kaja ndinapeza bambo wina. Anati kumeneko sikunabwerepo dokotala aliyense, mwina ndalota. Ndinayamba kukuwa kuti ndinamwa tiyi pampando womwewo. Anandifunsa khadi la chipani, analiyang'ana mbali zonse, anandiwomba mbama ziwiri n'kundiuza kuti ndikadzabweranso ndidzagona komwe kuli amene ndikumufunayo. Za adokotala zinathera pomwepo. Kaya ali moyo, kaya akazi awo anamva, palibe anatiuza.

Mu Okutobala anthu anayamba kutentha tchire ndi mapesi. Utsi unkakhala pamudzi tsiku lonse. Amama ankamwa mapiritsi aja osadumphitsa, ndinkaona ndi maso anga. M'mawa wina ndikuchokera kodula mitengo ndinamva kulira kuja ndili panja. Ndinawapeza atagwira mwendo wa tebulo. Anali atamwa awiri, ndinawamwetsa wachitatu, anasanza.

Ndinatuma mnansi kuti akamange ngolo, koma ng'ombe zinali kudambo. Ine ndinathamanga ndi nkhwangwa kukachipatala. Loko sanathyoke, chinathyoka ndi chitseko. M'kati munali fumbi ndi ndowe za mbewa. Jekeseni ndinampeza m'kapoto kamene ankawiritsiramo, singano zili pomwepo. Pashelefu panali timabotolo tagalasi ta mitundu itatu, tofanana ngati ana amapasa, mawu ake a Chingerezi chimene sichili m'buku la Sitandade 6. Ndinali nditaonerera jekeseni ameneyu kambirimbiri. Ndinkayang'ana nkhope ya amama ndi manja a adokotala. Kabotolo sindinakayang'anepo n'kamodzi komwe.

Ndinatenga tonse m'malaya. Pakhomo ndinakumana ndi atcheyamani.

"Wathyola chitseko cha boma? Ukuudziwa mlandu wake?"

Ndinakweza nkhwangwa. Anapatuka.

Kunyumba anthu anali atadzaza pakhomo, kutsekereza ndi kamphepo komwe. Ndinawathamangitsa ndi mawu amene sindingalembe. Ndinasankha kabotolo kakakulu, chifukwa ndinkakumbuka kuti jekeseniyo ankatenga nthawi. Ndinakathyola khosi, galasi linandicheka chala. Ndinakoka mankhwala, ndinamanga mkono wa amama ndi mpango wawo. Mtsempha umene adokotala ankaupeza osayang'ana n'komwe, ine sindinauone. Ndinabaya, panalibe. Ndinabayanso pambali, panatupa. Kachitatu singano inapindika, magazi n'kuyenderera mpaka m'chikhatho. Amama anachotsa mkono wawo, n'kuubisa m'khwapa, n'kupukusa mutu. Mawu analibe, koma maso ankanena kuti ndisawakhudzenso.

Ngolo inafika dzuwa lili pamutu. Tinawakhazika atatsamira thumba la mapesi, ine kumbuyo kwawo kuwachirikiza. Mnansi uja ankamenya ng'ombe, ine n'kumamukalipira kuti amenye kwambiri, koma ng'ombe ndi ng'ombe. Mbali zonse za njira tchire linkayaka. Ndinavula malaya kuwaphimba kumaso kuti utsi usalowe, anawakankha. Ndinayesa kunena mawu a adokotala aja, kuti pumani, musathamange, koma pakamwa panga ankatuluka ngati kulamula.

Kulira kwa pakhosi kunayamba kuchepa tisanafike theka la ulendo wa kuchipatala cha ku Embangweni. Ndinasangalala. Ndinauza mnansi uja kuti zikutsika, mwina kamankhwala kanalowako. Anacheuka, anawayang'ana, n'kuimitsa ng'ombe. Anatsika, anavula chipewa.

"Tipitirire kapena tibwerere?"

"Pitirira!"

"Ndapota nawe, mwana wane, ng'ombe zatopa. Kuchipatala akatiuza zomwe tikuziona."

Ndinadumpha, ndinamulanda chikwapu, ndinakwapula ng'ombe mpaka imodzi inagwada m'goli. Iye anangoima n'kumandiyang'ana. Mkono utatopa ndinamubwezera chikwapu chake, tinatembenuza ngolo.

Azimayi osambitsa mtembo anapeza mabala atatu pamkono, potupa pali bii. Pofika nthawi yoika, mudzi wonse ndi a kutsidya omwe anali atamva kuti mayi uja sanafe ndi mphumu, anaphedwa ndi mwana wake ndi singano ya boma yakuba. Alongo anga anafika akudziwa kale, sanandipatse moni. Kumanda amuna anandilanda khasu, ati wopha sakwirira. Ndinayang'ana nkhope zawo mmodzimmodzi, manja akundinyerenyetsa, koma sindinamenye munthu. Sindinawatsutsenso, chifukwa mpaka lero sindidziwa chimene chinali m'kabotolo kaja.